Tipu ya kasitomala kapena malipiro a bwana?

Ku United States, lamulo la dziko lonse limalola malo odyera kulipira woperekera zakudya madola 2.13 okha pa ola, ndalama imene sinasinthe chiyambire 1991. Zotsala kuti afike pa madola 7.25, omwe ndi malipiro ochepetsetsa pa ola amene lamulolo limalola kwa antchito ena, zimachokera m'thumba la kasitomala, yemwe nthawi zambiri amasiya tipu (ndalama yothokozera wantchito) ya 15 mpaka 20 peresenti ya bilu. Lachisanu usiku wogulitsa mowa m'bala yodzaza amaweruka thumba litatupa, koma Lolemba masana kumangoti zii. Chondinyansa n'chakuti wantchitoyo amasekerera ngakhale kasitomala wamwano, poti chakudya cha ana ake chili m'manja mwa munthuyo.

Ku Japan kulibe tipu. Mtengo wolembedwa ndi womwewo, ndipo mukasiya chenji patebulo akhoza kukuthamangirani nacho panja. Njirayi ndiyo ndimaikonda, chifukwa kulipira wantchito ndi udindo wa amene anamulemba ntchito.

Kusiya chizolowezi kumavuta ndithu. Danny Meyer anathetsa tipu m'malo ake odyera ku New York mu 2015 n'kukweza mitengo ya zakudya. Operekera zakudya ena odziwa ntchito anachoka poona kuti kale ankapeza zambiri, ndipo mu 2020 iye anabwezeretsa tipu.