Masheya anga apirira Ana ndi Freddy, koma broker ndiye wandifoola

Alamu anga a ku Ngabu agulitsa ng'ombe ziwiri, ndiye akufunsa ngati n'kwanzeru kuika ndalamazo m'masheya (kugula kagawo ka umwini wa kampani) monga ndinachitira ine mu 2020. Chaka chimenecho ndinalemba kuti kugula masheya n'kosavuta, fomu yake ndi yaifupi ndipo ofesi ya broker, amene amagulira ndi kugulitsira anthu masheya, inandilandira bwino. Zimenezo sindikuzibweza, koma pali zoonjezera.

Pofufuza mapepala anga m'sutikesi ndinapeza kuti amayi a kunyumba anawakulunga m'nyuzipepala zakale poopa chiswe. M'malo moyang'ana mapepalawo ndinayamba kuwerenga mitu ya nkhani, mpaka ana kudabwa kuti bambo akusekeranji okhaokha pansi pa nimu.

Taonani. Airtel Malawi inalowa pamsika wa masheya mu February 2020 pa K12.69 sheya imodzi. Mwezi womwewo, pa 3, khoti linali litangofafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo nyuzipepala zinali zitatha miyezi zikungoonetsa utsi wokhetsa misozi ndi masitolo ophwanyidwa. Pofika April, Covid-19 nayo ndi iyi. FDH Bank inabwera mu August pa K10 sheya, sukulu zili zotseka, tonse tikuyenda titatseka pakamwa. Munthu wowerenga mitu ija akanati wogula masheya nthawi imeneyo ngofunika kumuperekeza ku Zomba. Ine ndinagula zonse ziwiri.

Mitu ya zaka zotsatira ndiye yoopsa kuposa pamenepo, ndipo ife a kuchigwa kuno sitinkachita kuwerenga, zinkatichitikira pakhomo. Mu January 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya magetsi pafupifupi 130 megawatts, msewu wa M1 n'kuduka. Mu May chaka chomwecho kwacha anaichepetsa mphamvu ndi 25 peresenti. Kolera inatenga anthu. Mu March 2023 Freddy anamiza midzi ku Nsanje, anthu a ku Makhanga n'kumafikiridwa pa bwato basi. Mu November anaigwetsanso kwacha ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika K1,700. Nkhani iliyonse ikatuluka, alamu omwewa ankandiimbira foni: "Alamu, gulitsani timapepala tanuto mugule mbuzi, dziko latha ili."

Dziko silinathe. Pofika kumapeto kwa 2024 sheya ya FDH ija inali itadutsa K100, ya Airtel itadutsa kale K50. Dola, imene poyamba pa 2020 inali cha m'ma K730, inali cha pa K1,750 kubanki. Ndiye kuti ngakhale kwacha inadyedwa choncho, masheya anathamanga kuposa dola ya kubanki. Sindikuti makampani ankasangalala ndi madzi osefukira ayi. Mabanki amapeza phindu lalikulu pobwereketsa boma ndalama pa chiwongoladzanja chokwera, ndipo mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti. Komanso chiyambire lamulo la penshoni la 2011, ndalama za ogwira ntchito zimasonkhanitsidwa mwezi ndi mwezi, zina n'kugulira masheya, pamene makampani a pamsika wa ku Blantyre ndi ochepa, sakwana n'komwe 20. Ndalama zambiri zikamalimbirana masheya ochepa, mtengo ungalekerenji kukwera?

Pepala limene linandiseketsa kwambiri linali lakale kuposa onse, la October 2010, ndipo linali la nkhani yabwino. Doko la Nsanje likutsegulidwa, Bingu wa Mutharika ali limodzi ndi Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, zombo zikuyembekezeka kuchokera kunyanja yamchere kudzera mu Zambezi. Ndikukumbukira anzathu akuthamangira kugula mapuloti pa boma, ati Nsanje ikhala mzinda. Boma la Mozambique silinalole, zombo sizinabwere, ndipo lero padokopo pamakocheza mabwato a asodzi. Amene anamvera mutu wokoma uja akudikirabe, amene ananyalanyaza mitu yoopsa ija ndi amene akuwerenga phindu.

Zoyenda bwino ndi izi: masheya amasungidwa pakompyuta ku CSD, kumene amasunga kaundula wa eni masheya, palibenso satifiketi yoti inyowe madzi akalowa m'nyumba. Sitetimenti ikapemphedwa imabwera pa imelo. Dividendi (gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya) ya kampani imodzi imalowa yokha ku akaunti atadulako kale msonkho.

Tsopano vuto. Dividendi ya kampani inayo sinafike, anzanga atalandira. Nditaimbira broker, mnyamata wa pafoni anati, "Bwana, tikuyang'ana, tikuimbirani." Sanaimbe. Ndikaimba ine, amene amaona zimenezo ali kumsonkhano, mawa lake ali kutchuthi, kenako netiweki yavuta. Patapita miyezi m'pamene anandiuza kuti polowetsa fomu yanga mukompyuta kuofesi kwawo anasemphanitsa manambala awiri a akaunti yanga ya kubanki. Kope la fomuyo ndili nalo, manambala anga ali bwinobwino. Ndinati, poti mwalakwitsa ndinu, konzani. Iwo anati ndibwere ndekha ndi chitupa cha unzika ndi kalata ya kubanki, ndidzasayine pamaso pawo. Ndinawafunsa ngati akudziwa kumene kuli Bangula. Anati si kufupi ndi Chikwawa komweko?

Ndinakwera minibasi m'bandakucha, kudutsa Ngabu, Nchalo, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kukwera mapiri a Thabwa injini ikulira ngati ifa. Kufika ku ofesi, kusayina kunatenga nthawi yochepa kuposa imene ndinatha kufunafuna khomo lolowera. Anandipepesa mwaulemu, anandipatsa ndi madzi ozizira, koma ndalama ya thiransipoti palibe anaitchula. Dividendi ya chaka chotsatira inalowa bwino. Yotsalira ija mpaka lero akuti ili m'njira.

Kugulitsa nako kuli ndi zake. Pamene fizi ya mwana wa ku sekondale inandipana, ndinawauza agulitse masheya pang'ono. Anati pamtengo umene ndikufuna palibe wogula, ndidikire kapena nditsitse. Atapezeka wogula, ndalama zinatenganso masiku, zitadulidwa komishoni. Ahedi a sukulu salandira sitetimenti ya masheya. Mbuzi ukapita nayo pamsika wa Nchalo m'mawa, masana ndalama zili m'thumba, ndipo sabata imeneyo ndinkaona ngati alamu aja ankanena zoona.

Choncho maganizo anga amasintha ndi tsiku. Ndikatsegula sitetimenti ndimamva ngati mwini esiteti ya nzimbe. Ndikalowa m'golosale kufunsa mtengo wa shuga, amene amapangidwa pa Nchalo pompa, chimwemwe chija chimachepa. Alamu ndawauza kuti aikemo ndalama ya ng'ombe imodzi yokha, imene sadzaifuna mwadzidzidzi, komanso adziwe kuti mitengo ya K10 ija inapita, lero agula modula ndipo ikhoza kutsika. Asanasayine kalikonse afunse broker ngati zolakwika zimakonzedwa munthu ali kwawo, ndipo aone ndi maso awo zimene zalowetsedwa mukompyuta.

Ineyo masheya sindigulitsa, koma broker uyu ndikufuna kumusiya. Ndinapempha kuti andisamutsire kwa wina, ndipo andiyankha kuti fomu yosamukira nayonso imafuna kukasayina ku Blantyre. Ndawerengetsa minibasi popita ndi pobwera, kuphatikiza nsima ya masana, ndapeza kuti zikungofanana ndi dividendi imene akundisungirayo. Ndawalembera imelo kuti ayambe alipira kaye imeneyo, za kusamuka tikambirana ikalowa.