Buku la mbalame za kummwera kwa Africa: zithunzi zabwino, mapu osocheretsa

Ndinagula bukuli ku Blantyre chaka chatha kuti lizitithandiza pa kalabu ya zachilengedwe pasukulu imene ndimaphunzitsa kufupi ndi Bangula. Pa mbalame za ku Elephant Marsh, monga akakowa, nkhwazi ndi atsekwe, silinatikhumudwitse ayi. Koma ndikufuna kukambapo za tsamba limodzi limene ana analikonda mpaka ngodya yake inada ndi zala, tsamba la kambalame ka m'nyanja yamchere kotchedwa Wilson's storm petrel.

Wojambula anagwira ntchito yotamandika. Kambalameka kamatalika masentimita pafupifupi 18, ndiye kuti sikasiyana kwenikweni ndi namzeze amene amamanga chisa pakhonde la kalasi yathu. Nthenga zake n'zakuda ngati mwaye, kupatula chigamba choyera cha pamwamba pa mchira, ndipo miyendo yake ndi yaitali moti kakamauluka zala zimapitirira mchirawo. Chithunzicho chikuonetsanso bwino kakhungu kachikasu kolumikiza zalazo, kamene munthu sangakaone ali patali. Pofuna chakudya kamatambasula mapiko n'kumapondaponda pamwamba pa madzi ngati kakuyenda pamtunda. Mnyamata wina, mwana wa msodzi, anati bambo ake sangavomere zimenezo pokhapokha atadzionera okha.

Vuto lili pa mapu. Kamapu ka patsambali kakuonetsa kummwera kwa Africa kokha, atapaka mtundu m'mbali mwa nyanja, kotero ana onse anangoti kambalameka kamaswana kugombe la Mozambique, mwina cha ku Beira. Si choncho ayi, chifukwa m'nyanja zimenezo kamangobwera kudzasaka chakudya. Kamaswana ku Antarctica ndi pazilumba zozizira monga South Georgia, Kerguelen ndi South Shetland, komwe kamaikira dzira limodzi lokha loyera m'ming'alu ya miyala kapena m'mauna, cha mu Disembala ndi Januwale, pamene ife kuno tili kalikiliki kupalira uku tikuyang'anitsitsa madzi a Shire ndi Ruo. Chisanu chikafika kumeneko kamauluka kulowera kumpoto, ndipo tambiri timakafika kunyanja za ku North America ndi ku Ulaya. Zonsezi bukuli langozikhudza mu mzere umodzi wa zilembo zing'onozing'ono, moti ndinachita kukabwereka mapu a dziko lonse ku ofesi ya ahedi kuti ana aone kutalika kwa ulendowo. Mphunzitsi mnzanga amene akufuna bukuli aligule ndithu, koma akhale ndi mapu ena pambali.

Chinanso n'chakuti guluu amene anamatira bukuli sangapirire kutentha kwa kuno kuchigwa. Mu Okutobala ndinaliiwala pawindo masana amodzi okha, masamba a pakati n'kuyamba kuthothoka, ndipo lero lagwirana chifukwa mnyamata uja anabwera ndi ulusi wa ukonde, tinalisoka.