Shopu ya kubetcha pa Kamuzu Road: ulemu ulipo, mpando palibe

Loweruka lapitali ndinakhala maola atatu m'shopu ina ya kubetcha pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo amene anandikhudza mtima ndi mayi wolandira ndalama pa kauntala. Anali chiimire m'kutentha konse kuja, fani imodzi yokha ikuzungulira, akusindikiza matikiti ndi kuwerenga ma K500 onyowa ndi thukuta popanda kulakwitsa.

Bambo wina atadyedwa pa roulette ya pa kanema, juga ya gudumu lozungulira yomwe ili ndi manambala 37 koma imalipira ka 35 kokha munthu akalasa nambala imodzi, anayamba kuwalalatira mayiwo ngati kuti ndiwo anazunguza gudumulo. Iwo anangoti, "Pepani bambo, tikiti yanu nayi, onani nokha," kenako n'kuthandiza wotsatira. Anabwezanso mnyamata wina wopanda chiphaso, pakuti lamulo limene bungwe loona za juga la MAGLA limayang'anira likuletsa ana osakwana zaka 18 kutchova juga.

Opambana amalipidwa msanga, ngakhale netiweki imavuta masana. Chondiwawa n'chakuti eni shopu anaika mabenchi a makasitomala, koma mayi amene amasenza mkwiyo wa oluza tsiku lonse alibe ngakhale mpando wokhalapo.