Tepi ya mamita 3 yokhala ndi mainchi: yatithetsera mikangano patebulo

Papita miyezi inayi chigulireni tepi iyi m'sitolo ina ya zipangizo zomangira mumzinda wa Tete. Timayezera Loweruka lililonse tikamasewera Warhammer 40,000, masewera a nkhondo a tizidole ta asilikali patebulo, ndi alamu anga kuno ku Ulongue. Mukakagula, nenani kuti mukufuna fita métrica ya polegada (tepi yoyezera ya mainchi m'Chipwitikizi), apo ayi akupatsani ya masentimita okhaokha.

Masewerawa ndi a kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham, ndipo mtunda uliwonse amauwerengera m'mainchi. Mfuti ya m'masewerawa yotchedwa boltgun imafika mainchi 24. Kale tinkabwereka tepi yosokera ya mayi a kunyumba, n'kumangoti 24 ndiye masentimita 60. Chonsecho inchi imodzi ndi masentimita 2.54, kutanthauza kuti mfutiyo imafika pafupifupi 61. Sentimita imodzi imeneyo inkatidanitsa zedi. Ine ndikati ndamupeza msilikali wawo, iwo ankati, "Ayi alamu, chipolopolo chagwera panjira." Komanso tepi yansalu imapindika, aliyense ankaikoka momukomera.

Iyi ndi yachitsulo. Ndikaitulutsa mpaka pa 24 n'kutseka kabatani, imaima nji m'mwamba osagwera tizidole. Lamulo limati muyeze kuchokera m'mphepete mwa kachoimikira ka msilikali wanu kufika m'mphepete mwa ka mdani, pamene payandikana kwambiri, osati kunsonga ya mfuti. Manambala ake ndi akuda pa chikasu, moti ngakhale magetsi athime timaona ndi tochi ya foni. Tebulo lathu ndi la mainchi 44 kwa 60, ndiye mamita 3 ndi okwana n'kutsala.

Pali ziwiri zondidandaulitsa. Mukamasula kabatani imabwerera mwaliwiro ngati mkwapulo. Tsiku lina kangowe ka kumapeto kanakola sajeni wanga amene ndinamupenta masiku atatu, mkono wogwira mfuti n'kuthyokera pansi pa mpando. Zinandiwawa kwambiri. Tsopano ndimaibweza pang'onopang'ono nditaigwira ndi chala. China n'chakuti pa timitunda tating'ono, inchi imodzi kapena awiri pakati pa makoma a timabwinja ta patebulo, siilowa bwino. Pamenepo ndinadula kakatoni kolimba n'kulembapo 1, 2 ndi 3.

Kangowe kaja mukaona kakugwedera pang'ono musakakhomerere, anakapanga choncho dala kuti muyezo uzikhala wolondola mukakola kapena kukankhira pachinthu.

Ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5. Alamu nawonso andituma kuti ndikawagulire yawo ndikapitanso ku Tete.