Zitsulo za pa stock ya mfuti yosakira: tisiye za kufakitale kapena tigule zapadera?

Mfuti yatsopano ikangofika m'manja, sipatha mwezi mwini wake asanayambe kufunafuna choti asinthe. Wina akuti chotsani chipulasitiki cha pansicho muikepo chitsulo. Wina akuti mabawuti a kufakitale ndi ofewa. Winanso akuti popanda mapillar, timachubu toikidwa m'mabowo a mabawuti, mukungotaya zipolopolo. Ine mbali zonse ziwiri ndakhalako: ndinagulapo zitsulo zomwe sizinasinthe kanthu pa chandamale, ndipo ndinaonaponso ntchito ya madzulo awiri ikusandutsa mfuti yomwaza kukhala yodalirika. Tikukamba za stock, thupi lija la mtengo kapena la pulasitiki lomwe limanyamula mpope ndi action (chigawo chachitsulo cholowetsa ndi kuwombera chipolopolo), pamodzi ndi tizitsulo tonse tomangidwapo.

Chitsulo chilichonse ndimachifunsa mafunso awiri. Kodi chisintha mmene action yakhalira mu stock? Kodi chisintha mmene thupi langa likukumanira ndi mfuti? Chikalephera onse awiri, ndi chokongoletsa chabe, ndipo nyama yomwe mukuilondola siziona zimenezo.

Tiyambe ndi mabawuti omanga action ku stock. Mfuti zambiri, monga Remington 700 yomwe inatuluka mu 1962, zimadalira mabawuti awiri akuluakulu, ina kutsogolo ina kumbuyo. Mabawuti ogula padera amabwera ndi mutu wa hex kapena Torx, pomwe mfuti zakale zili ndi mutu wa mzere umodzi womwe umaphwanyika screwdriver ikaterereka. Ngati mutu wa bawuti yanu wadyeka, sinthani, palibe chokambirana. Koma ngati uli bwino, chomwe chimasintha kawombedwe ndi mphamvu yomwe mwamangira, osati bawutiyo. Stock ya mtengo yopanda mapillar nthawi zambiri imamangidwa pa ma inch-pound 30 mpaka 35, pafupifupi 4 Nm, pomwe stock yokhala ndi aluminiyamu mkati, monga za H-S Precision, imafika 65. Ruger M77, yomwe bawuti yake ya kutsogolo inalowa chopendekera, imafuna yoposa pamenepo. Ndiye pakati pa mabawuti atsopano ndi sipanala yoyeza mphamvu, ine ndisankha sipanala, ndi kutsata nambala yomwe opanga mfuti yanu analemba.

Chenjerani ndi kutalika kwa bawuti yogula padera. Ikatalika ngakhale milimita imodzi ingatulukire mkati mwa action n'kugunda bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo mu mpope, mfuti n'kukana kutseka. Mukamaliza kumanga, mfuti ilibe chipolopolo, yesani bolt, safety ndi trigger kangapo.

Pa mapillar ndi bedding ndi pomwe pagona nkhani yonse. Mtengo ndi chinthu chomwe chimapuma. Kukakhala chinyezi umafufuma, kukauma umanyala, ndipo bawuti ikaufinya zaka zingapo umaphwatalala pang'onopang'ono. Mphamvu yomwe munamangira mwezi watha si yomwe ilipo lero, ndipo chipolopolo choyamba chimagwa pomwe simunaloze. Mapillar ndi timachubu ta aluminiyamu kapena chitsulo tomwe timaikidwa m'mabowo a mabawuti, kuti bawuti izifinya chitsulo osati mtengo. Bedding ndiye kuthira guluu wa epoxy, monga Devcon, Marine-Tex kapena Acraglas, pomwe action imakhala, makamaka kuzungulira recoil lug, kachitsulo kaja komwe kamalandira kukankha konse mfuti ikalira. Guluuyo akauma amatenga maonekedwe enieni a action yanu, ndipo nthawi iliyonse mukaichotsa n'kuibwezera imakhala pamalo amodzimodzi.

Ambiri amagula mapillar okha poganiza kuti ntchito yatha. Mapillar amathetsa vuto la kufinyika basi; action ikhozabe kugwedera kapena kupindika ngati pansi pake sipali pofanana. Mapillar ndi bedding zimayendera limodzi. Ndipo musanayambe, yesani kaye ngati mfuti yanu ikufunadi zimenezi. Iimikeni, ikani chala pomwe mpope ukumanira ndi nsonga ya stock, kenako masulani bawuti ya kutsogolo pang'onopang'ono. Mukamva mpope ukusuntha pa chala, action inali yopanikizika ndipo bedding ikuthandizani. Lowetsaninso pepala pansi pa mpope n'kulikoka mpaka pafupi ndi action. Likakodwa pa mfuti yomwe inapangidwa kuti mpope usakhudze stock, mwapeza pena pomwe pakuvuta. Zonse zikakhala bwino, isiyeni mfutiyo.

Opanga mfuti nawonso sanagone. Savage inabweretsa AccuStock yokhala ndi aluminiyamu mkati, Ruger American ili ndi tizitsulo tiwiri tooneka ngati V tomwe action imakhalapo. Pa mfuti zotere phindu la mapillar ogula padera ndi lochepa kwambiri. Chitsanzo china ndi Tikka: T3 yoyamba inali ndi recoil lug ya aluminiyamu yomwe inkatha kudindika pa makaliba amphamvu, ndiye alenje ankagula yachitsulo, T3x itatuluka mu 2016 inabwera kale ndi yachitsulo. Mwini T3 yakale ya .300 Winchester Magnum ali ndi chifukwa chogulira lug yapadera. Mwini T3x alibe. Chitsulo chimodzimodzi, kwa wina ndi mankhwala, kwa wina ndi katundu wosafunika.

Pali malo amodzi pomwe bedding siiphula kanthu: pa stock za pulasitiki wofewa zomwe kutsogolo kwake kumapindika mukangofinya ndi dzanja. Epoxy sagwira bwino pa pulasitiki wotereyu, ndipo ngakhale atagwira, mukatsamiritsa mfuti pa bipod, timiyendo tiwiri toimikira mfuti, stock imakhudzabe mpope. Pamenepo ndalama zake ndi bwino kuzisungira stock ina yolimba. Ndipo amene mukuchita nokha ntchitoyi, pakani phula kapena mankhwala oletsa kumatirira pa chitsulo chilichonse ndi kutseka timabowo tonse ndi dongo la ana losewerera, apo ayi action ndi stock zikwatirana mpaka kalekale.

Tsopano chitsulo cha pansi, chomwe chimateteza trigger ndi kusunga zipolopolo. Ichi ndiye chimakopa maso, ndipo ndi chomwe ndimachikayikira kuposa zonse. Kufakitale mfuti imabwera ndi chimodzi mwa zitatu: magazini ya mkati yopanda chitseko, monga pa Remington 700 ADL; chitseko cha pansi chotseguka, monga pa BDL; kapena magazini yochotseka, nthawi zambiri ya pulasitiki. Chogula padera chotchuka ndi cha aluminiyamu cholandira magazini ochotseka a mtundu wotchedwa AICS, monga Badger Ordnance M5, ndipo kawirikawiri chimafuna kuti stock isemedwe kuti chilowe. Mukasema, kubwerera kulibe.

Ubwino wake ulipo ndithu. Kutsitsa zipolopolo musanakwere galimoto kapena kudumpha mpanda kumatenga kanthawi kochepa, ndipo wowombera mipikisano amafunadi zipolopolo khumi. Koma mlenje woyenda pansi tsiku lonse amanyamula mfuti ndi dzanja limodzi pakati penipeni, pomwe magazini yaitali imatulukira. Imabaya msana mukaikoleka, imakodwa m'tchire, imagwedera n'kuchita phokoso, ndipo ikagwa osadziwa mwatsala ndi mfuti ya chipolopolo chimodzi. Mayiko ambiri alinso ndi malamulo a chiwerengero cha zipolopolo chololedwa posaka, ndiye onani kaye lamulo la komwe mumasaka. Nanga pulasitiki wa kufakitale ndi woipa? Sachita dzimbiri, ndi wopepuka, sazizira m'manja. Vuto lake ndi limodzi: pansi pa mutu wa bawuti amatha kuphwatalala mukamanga mopitirira. Akasweka kapena akamalephera kusunga mphamvu ya bawuti, gulani chachitsulo. Kupanda apo, mwawonjezera kulemera osati luso.

Zomwe ndimaziyamikira ndi mtima wonse ndi ziwiri zomwe anthu sazijambula zithunzi: labala wa kumbuyo wotsamira pa phewa, ndi chokwezera tsaya. Mfuti zakale zambiri zili ndi mbale yolimba kapena labala yemwe anauma ndi zaka. Mfuti ikamamenya phewa, thupi limaphunzira kuopa; munthu amatsinzina ndi kugwedeza mfuti isanalire, iye osazindikira. Palibe pillar yomwe ingachize zimenezi. Labala wofewa ngati Pachmayr Decelerator kapena Limbsaver amachepetsa ululu, ndipo munthu amayamba kuwombera modekha, n'kumaphunzira nthawi yaitali osatopa. Kumbukirani kuti labala wokhuthala amatalikitsa mfuti. Kuchokera pa trigger kufika kumbuyo mfuti zambiri zimakhala mainchi 13.5, pafupifupi masentimita 34. Mukawonjezera, diso lisuntha kuchoka pa scope, galasi lolozera, ndipo muyenera kuikonzanso.

Za tsaya ndi zofanana. Stock zambiri zinasemedwa motsika, zoyenera kuloza ndi tizitsulo ta pa mpope. Mukaikapo scope ya galasi la mamilimita 50 kapena 56, imakwera, ndipo tsaya limayandama m'malere. Tsekani maso, ikani mfuti pa phewa mmene mumachitira m'tchire, kenako tsegulani. Ngati simukuona bwino mu scope popanda kudzutsa mutu, mukufunika chokwezera. Cha nsalu chomangira ndi zingwe chimagwira ntchito yofanana ndi cha pulasitiki wolimba wa Kydex chobowolera stock, kungoti cha nsalu chimasunga madzi ndipo chiyenera kuchotsedwa mvula ikakunyowetsani, kuopa kuwononga mtengo.

Tizitsulo tokolekapo lamba sitifuna mawu ambiri. Ta kufakitale tomwe tinangopotokoleredwa mu pulasitiki timazuka, makamaka mukamangapo bipod ya Harris. Kusintha ndi kokhala ndi nati mkati mwa stock ndi nzeru, chifukwa mfuti yogwa kuchoka paphewa ndi ngozi. Timakapu tachitsulo ta m'mbali mwa stock tolowetsamo lamba timathandiza mfuti kugona bwino pamsana. Njanji ya Picatinny kapena ARCA, yomangidwa pansi pa stock, ndi ya amene amawombera pa tripod, choimikira cha miyendo itatu. Ngati inu mumatsamira pa ndodo kapena chikwama, ingokupwetekani chikhatho.

Poyesa ngati chosinthacho chathandiza, manambala ndi awa.  Mtima ndi mapapo a nyama yapakatikati ngati gwape wamkulu zimatenga malo a masentimita 20 kapena kuposerapo. Mfuti yoika zipolopolo m'masentimita 4 pa mamita 100 iziika m'masentimita 8 pa mamita 200, ndipo kuifinya kufika pa 2.5 sikusintha zotsatira pa mtunda umenewo. Chomwe ndimayesa ine ndi chipolopolo choyamba, mpope uli wozizira, pa masiku osiyana, mfuti itanyowapo n'kuuma. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, wombani zisanu zisanu za m'bokosi limodzi, ndipo mukamasula action yesaninso zero, ndiko kuti ngati chipolopolo chikugwabe pomwe mwaloza, musanapite kosaka.

Mfuti yanga ya mtengo ili ndi mapillar, bedding ndi labala watsopano, koma chitseko chake cha pansi ndi chomwe inabwera nacho. Ya pulasitiki ndinangoiika chokwezera tsaya ndi nati pa kachitsulo ka lamba ka kutsogolo. Mabawuti ake ndi a kufakitale, ndipo ndimawayeza ndi sipanala nyengo yosaka isanayambe.