Great Circle Mapper: chida choyezera mtunda wa pandege kuchokera ku Lilongwe kukafika ku London

Munthu wokonzekera ulendo wa ku London kuchokera kuno ku Lilongwe amafunsa msanga mtengo wa tikiti, koma ndi ochepa amene amafunsa kutalika kwa njira imene akulipirayo. Popeza palibe ndege yonyamuka pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi n'kukatera ku London osaima kwina, aliyense amayenera kusankha kodzera, ndipo apa m'pamene Great Circle Mapper, chida chaulere cha pa intaneti chimene anakonza Karl Swartz, chimathandiza kwambiri.

Kagwiritsidwe ntchito kake n'kosavuta. Mumalemba zilembo zitatu zoimira bwalo lililonse, monga LLW ya Lilongwe ndi LHR ya bwalo la Heathrow ku London, ndipo nthawi yomweyo chimajambula njira pamapu n'kuwerengera mtunda waufupi kwambiri potsata kubulungira kwa dziko lapansi. Pakati pa mabwalo awiriwa pali makilomita pafupifupi 8,000.

Chimene chandikondweretsa kwambiri n'chakuti chimalola kuyerekeza njira zingapo pamapu amodzi. Wodzera ku Nairobi amayenda makilomita pafupifupi 8,300, ndipo wodzera ku Addis Ababa amayenda pafupifupi 8,500, kutanthauza kuti njira ziwirizi sizipatuka kwambiri. Koma wodzera ku Johannesburg amayamba wabwerera kummwera makilomita pafupifupi 1,500, kenako n'kuuluka ena opitirira 9,000 kulowera kumpoto, moti ulendo wonse umaposa makilomita 10,500. Kusiyana kwa makilomita 2,000 si nkhani yaing'ono kwa mayi woyenda ndi khanda kapena kwa okalamba amene miyendo imawatupa akakhala nthawi yaitali pampando, ndipo ndikuona kuti ogulitsa matikiti m'tauni muno akanachita bwino kumawaonetsa makasitomala awo mapu oterewa.

Komabe wogwiritsa ntchito ayenera kudziwa malire a chidachi. Sichionetsa mitengo kapena nthawi yonyamukira, choncho sichingakuuzeni kuti mudzadikira maola angati pabwalo losinthira ndege, pamene kudikirako n'kumene nthawi zambiri kumatalikitsa ulendo kuposa mtunda weniweniwo. Ndege nazonso sizitsata ndendende mzere wojambulidwawo, chifukwa zimalambalala nyengo yoipa ndi madera a nkhondo. Mzere wochokera ku Addis Ababa kupita ku London, mwachitsanzo, umadutsa pamwamba pa Sudan, kumene nkhondo inabuka m'chaka cha 2023. Zonse za m'chidachi zalembedwa m'Chingerezi, ndipo mtunda umayamba kuoneka m'mamailosi, motero muyenera kusintha nokha kuti muuone m'makilomita.

Ndikulimbikitsa ophunzira, amalonda ndi onse opita kukaona abale kunja kuti aziyamba ayeza njira zawo ndi chidachi, kenako apite kwa ogulitsa matikiti akafunse za mtengo, katundu wololedwa ndi maola odikira panjira iliyonse.