Kasitolo ka ku Figuerolles komwe ndinkagula ufa ku France

Inu amene mukukonzekera kupita ku Montpellier kukaphunzira zaulimi monga ndinachitira ine, mukakafika mukakwere tramu (kasitima koyenda m'misewu ya mumzinda) ya nambala 3, mukatsike pa Plan Cabanes, n'kulowera cha ku Figuerolles. Musadandaule za thiransipoti, kuyambira Disembala 2023 okhala mumzindawo amakwera tramu ulere akatenga chiphaso. Ku Figuerolles kuli timasitolo ta Aluya ndi ta anzathu a kumadzulo kwa Africa, ndipo kena ka mayi wina wa ku Cameroon ndi kamene kanandisunga. Dzina lake sinditchula, poti ndinenapo ndi zoipa zomwe.

Sikuti kusukulu kunali njala ayi. Kukantini ya ophunzira ya Crous chakudya n'chabwino, ndipo nthawi yanga unkalipira mayuro 3.30 n'kulandira zonse, kuyambira saladi mpaka yogati. Koma mwana wa ku Chigwa cha Shire, wokulira nsima ya mapira ndi mlamba wowamba, akadya pasita ndi tchizi masana, pofika 4 koloko m'mimba mwayamba kale kulira.

Nkhani yaikulu ndi ufa. Woyera wathu uja, wokonola n'kuviika, kulibe, musavutike n'kufunsa. Pashelefu mupezapo polenta, ufa wachikasu wa Ataliyana, koma nsima yake ndi yamiseche, mbamu siigwirana m'manja. Pali wa fufu, nsima ya anzathu a kumadzulo kwa Africa, umene mayiwo amautama kwambiri, koma kwa ine umatamuka ngati ulimbo, kumeza mpaka kutseka maso. Umene ndinakhazikika nawo ndi wa P.A.N., wa chimanga choyera, wa m'paketi yachikasu ya kilogalamu imodzi, umene anthu a ku Venezuela amapangira timikate tawo. Ufawu anauphika kale kufakitale, choncho sufuna kuti phala libwate nthawi yaitali. Madzi akatentha muzithira pang'onopang'ono uku mukuvundula mwachangu, mukangozengereza basi yadzaza mibulu. Mukasakanizako ufa wa mchewere wa ku Senegal, umene uli shelefu yomweyo chapansi, nsima imada bwino n'kumveka kafungo ka kwathu ku Ngabu. Mthiko ndi chipande nyamulani kuchokera kuno. Timasipuni tawo tamatabwa n'topyapyala, nsima ikangolimba tathyoka.

Mufiriji ndi momwe muli chuma. Chigwada chosinja kale chilipo, iwo amalemba saka-saka, ndipo mukachitendera ndi chiponde cha m'chitini cha Dakatine simungadandaule. Therere lobala liliponso. Nsomba ndiye zinandigwiritsa mwala. Tilapia wawo, wochokera ku China, ndi wamkulu maonekedwe okha, koma amene anadyapo makakana a ku Elephant Marsh ongovuulidwa m'mawa aona kuti m'kamwa simukumveka kanthu. Komanso amamuyeza ndi ayezi yemwe. Mlamba wowamba umapezeka mwa apo ndi apo, mtengo wake wofuna kudikira ndalama ya sikolashipu ilowe kaye. Chimene chinandiseketsa ndi malambe ndi bwemba, zimene ana amangotola popita kokadyetsa mbuzi, kuziona zili m'mapaketi omata bwino, pamtengo wa mayuro. Ndinagulabe.

Zoipa zake nazi. Katundu wambiri alibe mtengo wolembedwa, umaumvera pakauntala, ndipo nthawi zina umasiyana ndi wa sabata yatha. Ukagula zochepa khadi amakana, amafuna ndalama yapamanja. M'kati ndi mothina moti anthu awiri sangapatukirane, ndipo zam'chitini muziyang'ana deti musanalipire. Ubwino wake, Lamlungu masana masitolo akuluakulu ambiri akatseka, iye amakhala ali chitsegulire.

Polowa musaiwale "Bonjour". Izi si za m'sitolo muno mokha, ndi France yense, kaya kogula buledi, kaya kubanki, kaya kwa dalaivala wa basi. Ukayamba ndi funso usanapereke moni, nkhope zimasintha pomwepo. Ife a kuno zimenezi sizitivuta, tinazolowera kulonjerana mpaka kufunsa za ana ndi mvula. Kungoti kumeneko moni wake ndi wa liwu limodzi, kupatula kwa mayi ameneyu. Akakuzolowera amakutchula mwana wake, n'kukusungira paketi ya ufa kuseri kwa kauntala ukamasowa.

Ponyamuka kuno dziwani kuti nyama ndi zamkaka saloleza kulowa nazo m'maiko a European Union, koma nsomba zouma kapena zowamba amalola mpaka makilogalamu 20. Ndiye pitani pamsika wa Nchalo kapena Bangula, musankhe milamba youma gwa, muikulunge bwino. Pokaikazinga kukhitchini ya kuhositelo mutsegule zenera kaye, chifukwa kudenga kuli kachipangizo kolira kakamva utsi, ndipo Afalansa oyandikana nanu fungolo sadzalikonda.